Bokosi la Mwalimu wa ku Utale: Makobili Akale, Zolembedwa Pamanja ndi Msika wa Okushoni

Tikuyamba ndi kumtamanda Allah, ndi kumpemphera madalitso ndi mtendero Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Zaka zingapo zapitazo tidaitanidwa kumudzi wina kufupi ndi Utale, m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, kuti tikathandize kugawa chuma chamasiye cha mwalimu amene adaphunzitsa ana Qur'an m'deralo kwa zaka zambiri. Mbuzi, njinga ndi malata sizidativute. Ngongole za malemu zitabwezedwa, aliyense adalandira gawo lake monga mwa malamulo a mirathi. Chidativuta ndi bokosi lachitsulo limene lidali kunsi kwa bedi.

M'bokosimo mudali Msahafu wosindikizidwa ku Bombay, wothothoka chikuto. Mudali kabuku ka Safinatu Najaa, ndipo m'mphepete mwa masamba ake mudali tizilembo ta Chiarabu tomasulira mawu ovuta m'Chiyao. Mudalinso Maulidi ya Barzanji yokopedwa pamanja, ndi chipepala chachitali chokulungidwa m'nsalu, cholembedwa maina a mashehe motsatana, wina kulandira kwa mnzake. Pansi penipeni padali malisiti a msonkho omangidwa ndi luzi, chitupa, matikiti awiri a sitima ndi kathumba ka makobili akale.

Mmodzi mwa ana a malemu adatiuza kuti kudabwera munthu wochokera kutauni wofuna kugula bokosilo ndi zonse zam'kati mwake. Ntchito yake ndi yoyendayenda m'midzi kugula zakale, ndipo zimene waziona kuti n'zamtengo amazitumiza kwa anzake a kunja, iwo n'kukazigulitsa pa okushoni. Ndalama imene adatchula idali yokwanira fizi ya mdzukulu wa kusekondale. Mayi wamasiye adakana, ana ena adavomera, ndipo onse adatembenukira kwa ife: "Shehe, Shariya ikuti chiyani?"

Funsoli lili ndi yankho m'mabuku a Fiq'hi, ndipo tilipereka. Koma munthu sangaweruze bwino za chinthu chimene sakuchidziwa. Choncho tiyambe taona kuti m'bokosi lotere mumakhala chiyani kwenikweni.

Zimene makobili amanena

Akatswiri a zinenero amati liwu lakuti ndalama lidachokera ku liwu la Chiarabu lakuti dirham, limene pochulukitsa ndi darahim. Anzathu olankhula Chishona amati ndarama potchula golide. Nalo liwu la Chiyao lakuti mbiya lidachokera ku lupiya, ndiye kuti rupiya ya ku India. Tisanaone kobili n'limodzi lomwe, chilankhulo chathu chikutiuza kale kuti ndalama idafika kuno kudzera kugombe la nyanja yamchere.

M'nthawi ya Mtumiki (SAW) Arabu ankagwiritsa ntchito dinari yagolide ya Aroma ndi dirham yasiliva ya Aperezi. Khalifa Abdul Malik bin Marwan ndiye adasula dinari ya Chisilamu yopanda chithunzi, yokhala ndi zolemba zokhazokha, m'chaka cha 77 Hijri, chimene chikugwera mu 696 ndi 697. Wophunzira aliyense wa Fiq'hi amadziwa kuti nisabu ya golide ndi madinari 20 ndipo ya siliva ndi madirham 200. Koma kodi dinari imalemera bwanji pasikelo ya lero? Sheikh Yusuf al-Qaradawi, m'buku lake la Fiqh az-Zakah, adatsamira pa kulemera kwa madinari akale osungidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale: magalamu 4.25 dinari imodzi, ndi magalamu 2.975 dirham imodzi. Apa ndi pamene pachokera magalamu 85 a golide ndi 595 a siliva amene timaphunzitsa m'madrasa athu. Anthu amene adasunga makobili aja kwa zaka zoposa chikwi adatumikira Zakaat yathu ya lero.

Kuno ku Africa, mafumu a Kilwa Kisiwani ankasula makobili awoawo amkuwa, olembedwa maina awo m'Chiarabu. Mmodzi mwa iwo ndi Sultan al-Hasan bin Sulaiman, amene Ibn Battuta adamchezera m'chaka cha 1331. Kobili limodzi la mfumuyi lidapezeka ku Great Zimbabwe mu 1971, ndipo lidakhala umboni wamphamvu wakuti golide wa m'kati mwa dziko ankapita ku Kilwa. Taonani chimene chidapatsa kobililo mphamvu: malo amene lidapezeka akudziwika. Kobili lomwelo likadapezeka patebulo la wogulitsa, popanda wodziwa kumene lidachokera, silikadatiuza kanthu za Zimbabwe.

M'kathumba ka mwalimu wa ku Utale mudali kobili lamkuwa la ku Zanzibar, lolembedwa dzina la Sayyid Barghash bin Said ndi chaka cha 1299 Hijri, chimene ndi 1882. M'zaka zimenezo malonda a kuno sankayendera makobili kwenikweni. Ankayendera nsalu za merikani ndi kaniki, mikanda, waya, mfuti ndi onga, ndipo maulendo a Ayao ankapita ku Kilwa Kivinje ndi madoko ena atasenza minyanga, atatenganso akapolo. Kobili la ku Zanzibar likapezeka m'mudzi wa m'mbali mwa Shire, ndiye kuti wina wa m'banjamo adapondako kugombe, kapena adagulana ndi amene adapondako.

Mudalinso marupiya awiri asiliva. Rupiya idayenda kwambiri kuno m'zaka zoyamba za ulamuliro wa Angerezi, umene udakhazikitsidwa mu 1891, pamene amalonda ndi asilikali ochokera ku India ankachuluka. Kenaka idapambanidwa ndi sheleni. Msonkho wa nyumba wa masheleni atatu, kuyambira 1894, ndiwo udakakamiza anthu kufunafuna kobili: ena adapita kuthangata m'maesiteti, ena adatsika ku Salisbury ndi ku Joni. Makobili obooka pakati, okhala ndi njovu ziwiri, ndi a nthawi ya Chitaganya, chimene chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Mu 1964 padabwera ndalama zokhala ndi mutu wa Kamuzu, zikadali za mapaundi ndi masheleni, ndipo mu 1971 tidalowa m'kwacha ndi tambala, K2 kulowa m'malo mwa paundi imodzi. Mphunzitsi wanzeru akhoza kuyala makobili amenewa pamphasa n'kuphunzitsa nawo zaka 90 za mbiri ya dziko lino.

Tinene zoona: ambiri mwa makobili amenewa sadula pamsika, chifukwa adasulidwa mamiliyoni. Maso a wogula uja adali pamapepala.

Mapepala a mashehe athu

Chisilamu chidalowa m'dziko lino kudzera kwa Jumbe Salim bin Abdallah ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndi kwa mafumu a Chiyao monga Makanjira, Mataka, Mponda, Jalasi, Kawinga ndi Liwonde, kuyambira cha m'ma 1870. Mafumu akuluakulu mwa amenewa ankasunga alembi ochokera kugombe, owalembera makalata m'Chiswahili ndi zilembo za Chiarabu. Ndiye kuti kulemba ndi kuwerenga m'chigawo chino sikudayambe ndi sukulu za mishoni zokha. Ansembe a White Fathers amene adakhala kwa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891 adapeza ana akuphunzira kale Qur'an m'mudzimo.

Nkhondo za Harry Johnston ndi mafumu a Chiyao, pakati pa 1891 ndi 1895, zidatentha midzi yambiri ya mafumuwa. Mu 1895 mokha adagonjetsedwa Kawinga ku Chikala, Jalasi ndi Mponda. Moto wa nkhondo susankha pakati pa udzu wa denga ndi bokosi la makalata. Zimene zidapulumuka m'nthawi imeneyo n'zochepa, ndipo pepala lililonse lotsala ndi lolemera kuposa mmene likuonekera.

Pambuyo pa nkhondozo Chisilamu chidafalikira koposa, m'manja mwa aphunzitsi monga Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda, amene adaphunzira ku Kilwa, ndi Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje. Ophunzira awo ankayenda pansi masiku ambiri kukakhala kwa shehe, kumlimira munda ndi kuwerenga pamaso pake. Mabuku osindikizidwa ankachokera ku Bombay ndi ku Cairo kudzera ku Zanzibar, ndipo adali osowa. Wophunzira ankabwereka buku la shehe wake n'kulikopa pamanja. Pomasulira mawu ovuta ankalemba Chiswahili kapena Chiyao m'mphepete, ndi zilembo zomwezo za Chiarabu. Akamaliza ankalandira ijaza, chilolezo chophunzitsira ena. Matwarika a Qadiriyya ndi Shadhiliyya atafika, padabweranso masilsila, mndandanda wa mashehe monga uja tidaupeza wokulungidwa m'nsalu. Ngakhale mkangano wa sukuti ndi zikiri pamaliro, umene udagawa mizikiti yambiri, udali mkangano wa anthu ogwira mabuku: aliyense ankatsegula lake kuti aonetse umboni.

Tsopano tayerekezani ndi anansi athu. Ansembe a Montfort adatsegula mishoni ya Nzama mu 1901 ndi ya Utale mu 1908, ndipo pambuyo pake Utale adadziwika ndi chipatala cha akhate. Mishoni iliyonse idali ndi kaundula wa ubatizo, wa maukwati ndi wa maliro, ndi buku lolembamo zochitika. Boma nalo lidasunga mafailo ake, amene lero ali ku National Archives ku Zomba. Iwo adachita bwino kusunga zawo. Koma zotsatira zake n'zakuti wofufuza mbiri ya Asilamu a Malawi, monga David Bone amene adasonkhanitsa buku la Malawi's Muslims mu 2000, amayenera kudalira kwambiri zimene adalemba abwanamkubwa, ma DC ndi amishoni, n'kuonjezera zimene akuluakulu akukumbukira. Olembawo ankatiyang'ana ali panja. Mawu athu eni ake, olembedwa ndi manja athu, alibe nyumba. Ali m'mabokosi a kunsi kwa bedi ku Utale, ku Nkaya, ku Ulongwe, ku Ntaja ndi ku Namwera.

Kuti mapepala otere akhoza kusintha mbiri yolembedwa, taziona kwa anansi athu a ku Mozambique. Ku Arquivo Histórico de Moçambique, mumzinda wa Maputo, kuli makalata mazanamazana a m'zaka za m'ma 1800, olembedwa ndi mafumu ndi mashehe a kumpoto kwa dzikolo m'zilembo za Chiarabu. Liazzat Bonate ndi Chapane Mutiua atawawerenga, zidaonekeratu kuti anthu amene Apwitikizi ankawayesa osadziwa kulemba adali ndi chizolowezi cholemberana makalata a zaufumu, zamalonda ndi zankhondo. Ku Lamu, m'dziko la Kenya, mabuku olembedwa pamanja a mzikiti wa Riyadha adajambulidwa ndi chithandizo cha British Library, mabukuwo n'kutsala kwa eni ake.

Tisapeputsenso timapepala tosindikizidwa, tija tidapangidwa kuti tigwire ntchito tsiku limodzi n'kutayidwa. Lisiti la msonkho limakhala ndi dzina la munthu, la mudzi ndi chaka. Mwalimu wa kumudzi, amene sadalembedwe m'kaundula wa sukulu iliyonse, lisiti lotere likhoza kukhala pepala lokhalo losonyeza kuti chaka chakutichakuti adali m'mudzi wakutiwakuti. Tikiti ya sitima imatikumbutsa kuti njanji yodutsa pa Utale ndi Balaka kupita ku Salima idatsegulidwa mu 1935, ndipo ya ku Nacala, yopatukira pa Nkaya, mu 1970. Kuyambira pamenepo ulendo wa wophunzira ndi wa buku udafupika. Chitupa, mapepala a Wenela, kalata ya nikah, kalendala ya nthawi za Swala, mapepala a ulendo wa Hajj: chilichonse chili ndi deti, ndipo madeti ndi amene mbiri yathu yapakamwa imasowa kwambiri.

Mapepala akale satiuza zokoma zokhazokha. Ena akhoza kutchula akapolo ndi mitengo yawo, ena matsenga osakanizidwa ndi maaya. Amenewonso asungidwe. Msilamu saopa choonadi cha makolo ake, ndipo wobisa theka la umboni wawononga umboni wonse.

Msika umene ukudikira

Mlimi wa fodya amaudziwa okushoni wa ku Limbe ndi ku Kanengo: katundu ali poyera, ogula akupikisana, wotchula mtengo waukulu watenga. Zakale nazo zili ndi okushoni wake. Ku London, nyumba za Sotheby's ndi Christie's zimagulitsa zinthu zakale za Chisilamu kawiri pachaka, ndipo mitengo yake ndi yodabwitsa. Mu October 2019 nyumba ya Morton & Eden idagulitsa dinari imodzi ya chaka cha 105 Hijri, yotchula mgodi wa golide wa Amirul Muuminin ku Hijaz, pamtengo wa mapaundi 3.72 miliyoni. Mu June 2020 Christie's idagulitsa Msahafu wa m'zaka za m'ma 1400, wolembedwa pamapepala amitundumitundu ochokera ku China, pamtengo woposa mapaundi 7 miliyoni. Za kuno kwathu nazo zili ndi ozifuna: masitampa a British Central Africa ndi Nyasaland, maenvelopu akale, ndalama zapepala zoyambirira za Malawi. Intaneti itabwera, msikawu udafika m'foni ya aliyense, ndipo n'chifukwa chake wogula adafika mpaka ku Rivirivi.

Osonkhanitsa zakale si adani onse. Masamba a Qur'an a ku Birmingham, amene mu 2015 adayezedwa n'kupezeka kuti chikopa chake ndi cha pakati pa 568 ndi 645, adasungika chifukwa Alphonse Mingana adasonkhanitsa zolembedwa pamanja m'zaka za m'ma 1920 ndi ndalama za Edward Cadbury. Chinthu chokhala ndi mtengo sachitaya kudzala.

Koma msika uli ndi matenda awiri. Oyamba ndi kuphwasula. Wogulitsa amadziwa kuti masamba zana ogulitsidwa limodzilimodzi amabweretsa ndalama zambiri kuposa buku limodzi lathunthu. Msahafu wotchuka wolembedwa ndi golide pachikopa chobiriwira ngati thambo, umene masamba ake ambiri ali ku Tunisia, udabalalika motere: masamba ake ena ali m'maiko osiyanasiyana ndipo amatulukira pa okushoni limodzilimodzi. Matenda achiwiri ndi kudula unyolo. Wophunzira wa Hadith amadziwa kuti mawu opanda isnadi sayima paokha. Chinthu chakale nachonso chili ndi isnadi yake: adalemba ndani, adampatsa yani, chidasungidwa m'nyumba ya yani, m'mudzi uti. Kabuku ka mwalimu wa ku Utale kakafika m'kabukhu ka mitengo ka ku Ulaya, kadzalembedwa kuti n'kochokera kum'mawa kwa Africa, basi. Dzina la mwalimu, la shehe wake ndi la mudzi zidzatsala panjira. Wogula adzakhala ndi pepala lokongola, ife tidzataya mboni. Madzi akatayika saoleka.

Zimene Fiq'hi ikunena

Okushoni pawokha ndi wololedwa. Ma Ulama amautcha bai'ul muzayada. Anas bin Malik (Allah asangalale naye) adasimba kuti Mtumiki (SAW) adagulitsa chofunda ndi chikho za munthu wina amene adadza kudzapempha chithandizo. Wina adatchula dirham imodzi, Mtumiki adafunsa ngati pali woonjezera, wina adatchula ziwiri, ndipo adampatsa iyeyo. Hadith imeneyi ili kwa Abu Dawud, Tirmidhi, Nasa'i ndi Ibn Majah. Ena adaifooketsa chifukwa cha mmodzi mwa oisimba, koma Imam Tirmidhi adaiika pamlingo wa hasan, ndipo ma Ulama ochuluka adalola malonda otere. Bungwe la Majma'ul Fiq'hil Islami lidatsimikiza zomwezi pamsonkhano wake wa ku Brunei mu 1993. Choletsedwa ndi kulowerera pamene wogulitsa ndi wogula agwirizana kale mtengo. Pa okushoni mgwirizanowo umakhala usanachitike. Komabe pali malire asanu ndi limodzi amene akukhudza bokosi lathu.

Choyamba ndi umwini. Mabuku ndi makobili a malemu ndi gawo la mirathi. Mwana mmodzi, ngakhale woyamba kubadwa, sangagulitse bokosi popanda chilolezo cha olowa m'chuma onse, chifukwa munthu sagulitsa chimene si chake. Ngati pakati pawo pali ana amasiye aang'ono, gawo lawo silikhudzidwa pokhapokha pali phindu lawo loonekeratu.

Chachiwiri ndi wakfu. Mtumiki (SAW) atamulangiza Umar (Allah asangalale naye) za munda wake wa ku Khaibar, Umar adaupereka kuti usagulitsidwe, usaperekedwe mphatso, usalowe m'mirathi. Buku limene lidaperekedwa wakfu ku mzikiti kapena madrasa latuluka m'manja mwa anthu. Ngakhale litakhala m'nyumba ya mwalimu zaka makumi asanu, iye adali msungi chabe. Choncho tsegulani tsamba loyamba ndi lomaliza la buku lililonse, ndipo funsani akuluakulu a pamzikiti.

Chachitatu ndi Msahafu. M'mazihabu a Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri a kuno timatsata, kugulitsa Msahafu ndi makruhu ngakhale kuugula kuli kololedwa, ndipo kuugulitsa kwa amene si Msilamu sikuloledwa. Imam Nawawi adaikapo lamuloli m'buku la Minhaj, ndipo omasulira bukulo adaphatikizapo mabuku a Hadith. Pa okushoni wa poyera wogulitsa sasankha wogula. Wotumiza Msahafu kumeneko sadziwa manja amene adzaulandire.

Chachinayi ndi malamulo a sarf, kusinthana golide ndi siliva. Hadith ya Ubada bin Samit, imene ili kwa Imam Muslim, ikutiphunzitsa kuti golide ndi golide, kapena siliva ndi siliva, zisinthane molingana kulemera kwake ndiponso dzanja ndi dzanja. Ukale wa kobili suchotsa lamuloli: rupiya imodzi yosowa singasinthidwe ndi marupiya atatu wamba. Mukaigulitsa ndi kwacha mtengo ndi wogwirizana, koma kupatsana kuchitike pomwepo, osati pangongole, popeza ma Ulama a masiku ano adaipatsa ndalama yapepala malamulo a golide ndi siliva. Wogula kutali aike wakili wake amene alipire ndi kulandira nthawi imodzi. Dziwaninso kuti si kobili lililonse loyera lili siliva: masheleni a Angerezi adali siliva weniweni kufikira 1919, theka lokha kuyambira 1920, ndipo kuyambira 1947 mudalibenso siliva. Makobili amkuwa ndi ndalama zapepala zimene boma lidazichotsa pamsika ndi katundu wamba, ogulitsika pamtengo uliwonse. Za Zakaat: makobili agolide ndi asiliva amawerengedwa kulemera kwake akafika pa nisabu, pamene wochita nawo malonda amawerengera mtengo wake monga katundu wa malonda.

Chachisanu ndi chinyengo. Mtumiki (SAW) adaletsa najsh, kukweza mtengo popanda cholinga chogula kuti ena akopeke, monga zilili m'Hadith ya Ibn Umar kwa Bukhari ndi Muslim. Lero najsh imachitika ndi maina abodza a pa intaneti. Kudetsa pepala ndi tiyi kuti lioneke lakale, kapena kulinamizira shehe wotchuka, n'chinyengo chomwecho. Wogula naye ali ndi malire. Mtumiki adaletsa kuchingamira apaulendo panjira n'kuwagula katundu asanadziwe mitengo ya pamsika, ndipo adampatsa wogulitsa ufulu wobweza malondawo akadzazindikira. Wofika pakhomo la mayi wamasiye maliro asanazizire, akudziwa mtengo umene mayiyo sakuudziwa, adzifunse ngati sakuchita chimene chiletsochi chidadzera.

Chachisanu ndi chimodzi ndi zofukulidwa pansi. Rikaz, chuma chagolide kapena siliva chimene chidakwiriridwa Chisilamu chisanadze, amachotsapo gawo limodzi mwa magawo asanu. Chokhala ndi chizindikiro cha Chisilamu, mwini wake wosadziwika, chimalowa m'malamulo a luqata, ndipo chilengezedwe chaka chathunthu. Dziko lathu lilinso ndi lamulo la 1990 loteteza zinthu zakale, Monuments and Relics Act, limene silola kuzitulutsa kunja popanda chilolezo cha boma. Lamulo loteteza chuma cha anthu onse Msilamu amalitsata.

Mmene bokosi lidathera, ndi ntchito imene yatsala

Titatsegula kabuku ka Safinatu Najaa, patsamba loyamba padali mawu osonyeza kuti ndi wakfu wa mzikiti wa m'mudzimo. Kadabwerera kumeneko. Msahafu sudagulitsidwe. Barzanji, silsila ndi malisiti, banja lidagwirizana kuti zikhale pamodzi m'manja mwa mwana wamkazi wamkulu, monga amana ya onse. Marupiya awiri adagulitsidwa pamaso pa mboni, ndalama n'kulandiridwa pomwepo, ndipo fizi yotsala idachokera kumbuzi. Wogula uja adabwerera ndi zochepa kuposa zimene adadzera.

Tisanachoke tidampempha mayi wamasiye kuti atiuze za chinthu chilichonse, mdzukulu wake akulemba m'kope. Iwo ndiwo adadziwa kuti kobili la ku Zanzibar lidali la agogo a malemu, ndi kuti dzina lachitatu kuchokera pansi pa silsila ndi la shehe amene malemu adakhala kwawo zaka zinayi ali mnyamata. Chaka chotsatira mayiwo adamwalira, Allah awachitire chifundo. Tikadachedwa, mapepala akadatsala koma owadziwa akadapita.

Kwa aphunzitsi ndi ophunzira amene mukuwerenga, ntchito ndi iyi. Patchuthi chikubwerachi, aliyense afunse kwawo ngati kuli bokosi lotere. Mukalipeza, pemphani chilolezo kwa eni ake, ndipo musachotse kanthu. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, pamthunzi, kuyambira chikuto mpaka chikuto. Lembani m'kope dzina la mwini, la amene adampatsa, mudzi, ndi zonse zimene akuluakulu akukumbukira. Imeneyo ndiyo isnadi. Musamate mapepala ndi selotepi, ndipo musatsuke makobili ndi phulusa kapena mandimu, chifukwa kutero kumafufuta zolemba. Kulungani m'nsalu yoyera youma, muike pamwamba, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha. Zithunzizo zisungidwe malo awiri, kubanja ndi kumadrasa. Masamba a Qur'an othaitha asatenthedwe kapena kukwiriridwa mothamanga munthu wodziwa asanawaone, popeza m'mphepete mwake nthawi zina mumakhala madeti a kubadwa ndi kumwalira kwa anthu a m'banjamo.

Mizikiti ikuluikulu ya Balaka, Liwonde ndi Mangochi ikhoza kupatula kabati imodzi yokhoma, ndi kaundula wake, kuti banja lofuna kupereka mabuku a kholo lawo monga wakfu lipeze pokawasiya. Ndipo Msilamu amene Allah adampatsa chuma, akamva kuti banja lapanikizika mpaka kufuna kugulitsa, agule iyeyo pamtengo wachilungamo n'kupereka ku kabatiyo. Banja lithandizika, mabuku atsala kwawo, ndipo iye apeza sadaka yopitirira.

Allah ndiye Wodziwa koposa.